Tinkayeza Nyumba ndi Mapazi

Ana anga, munthu wa ndalama zochepa akafuna pokhala pakepake mu mzinda wa Blantyre amafika pamphambano. Uku kuli kanyumba kothina pafupi ndi ntchito, msika ndi chipatala. Uko kuli malo otakasuka, kutali kumene basi imafika itatopa. Zidali choncho ife tili anyamata, ndipo zili choncho mpaka lero. Chasintha ndi mafunso a ogula. Ndikamamvetsera adzukulu anga akukambirana za mapoloti, ndimamva za mamita, 30 uku 20 uku, za zipinda zinayi, za chimbudzi cha m'nyumba momwemo, ndi za poimika galimoto imene sadaigule n'komwe. Ife akuluakulu athu ankatifunsa zina. Ukanyamuka tambala atalira kachiwiri, kuntchito ukafika dzuwa lili pati? Mkazi wako madzi azikatunga kuti? Nanga mwana akatentha thupi pakati pa usiku, udzamubereka mpaka kuti? Nyumba tinkaiyeza ndi mapazi, chingwe cha mmisiri chinkabwera pambuyo.

Blantyre imene ine ndidaipeza idali yaing'ono. Kalembera wa 1966 adapezamo anthu ongopitirira pang'ono 100,000, kuwerengera ndi a ku Limbe omwe, pakuti matauni awiriwa adali atawaphatikiza kale mu 1956. Pofika kalembera wa 2018 anthuwo adali 800,000, pa mapiri ndi makwawa omwe aja. Koma ngakhale m'masiku a kuchepa kwakeko, malo okoma adali ndi eni. Ku Sunnyside, ku Namiwawa, ku Nyambadwe ndi ku Mandala kudali kumayadi, nyumba zobisala m'mitengo ya jakaranda, kumene munthu wonga ine ankalowako pokhapokha ali khukhi, mlonda kapena wosamala maluwa. Nyumba za Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe lidayamba mu 1964, zidali ku Chitawira, ku Nkolokosa, ku Kanjedza ndi kwina, zaudongo, za madzi ndi magetsi, koma zinkagwera aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki a boma, ndipo dzina lako linkatha kukalamba pamndandanda iwe ukugonabe kwa achibale. Otsalafe, a m'mafakitale, a kunjanji, a m'sitolo za amwenye, maso athu adali ku Ndirande, ku Mbayani, ku Zingwangwa, ku Chilomoni ndi ku Bangwe.

Ndirande idadzaza msanga chifukwa idali pakhomo pa ntchito. Ukatsika kuchokera pa Chinseu kapena ku Goliyo, posakhalitsa wafika ku Makata, kumene kudali fakitale ya nsalu ya David Whitehead ndi ya mowa ya Carlsberg imene idatsegulidwa mu 1968. Ukapitirira pang'ono wafika pa Ginnery Corner, ndipo chipatala cha Gulupu chili pomwepo. Mukadaona m'mawa wa mwezi wa Juni, chiperoni chitakuta phiri la Ndirande, lomwe nthawi imeneyo lidali lakuda bii ndi mitengo ya paini, anthu akutsika m'tinjira tonse, a maovolosi, a majekete obwera nawo ku Joni, a nkhwaira kumapazi, mbatata yootcha ili m'thumba kuti iyambe yatenthetsa dzanja isanalowe m'mimba. Utsi wa nkhuni zonyowa unkasakanikirana ndi fungo la zitumbuwa za amayi a m'mbali mwa njira, ndipo mphepo ikatembenuka inkabwera ndi kafungo kotsekemera ka chimera chowira kufakitale. Panalibe wotulutsa ngakhale tambala imodzi ya ulendo. Masana belu likalira, amiyendo yopepuka ankathamangira kunyumba kukadya nsima yamoto n'kubwerera nthawi isanathe, ndipo ana ankawaona atate awo dzuwa likuwala. Loweruka tinkatsikanso wapansi womwewo kupita ku Kamuzu Stadium kukaonera Bata Bullets, n'kubwerako mawu atasasa, m'thumba mukadali ya ndiwo.

Kanyumba kathu koyamba kadali ka zidina, zipinda ziwiri, malata ake opsinjidwa ndi miyala poopa kamvuluvulu. Pansi mayi a kunyumba ankazira ndi mtsiro wakuda, ndipo fungo la dothi lonyowalo silidandichoke m'mphuno. Chaka chimene tidathira simenti adagula polishi wofiira wa Cobra, n'kumakwecha ndi burashi mpaka alendo kuvula nsapato osauzidwa. Kuchipinda kudali bedi la Vono, sutikesi yachitsulo pansi pake, ndi chingwe chopachikapo zovala zatchalitchi. Pabalaza padali tebulo, mipando iwiri ya ndalema, wailesi ya Nzeru yofundika kansalu koluka, ndi mphasa zoimikidwa kuseri kwa chitseko, zimene usiku zinkayalidwa, balaza n'kusanduka chipinda cha ana. Pamwamba pa shelefu khoma lidali lakuda ndi mwaye wa koloboyi.

Ndipo alendo sankatha. Nyumba ya pafupi ndi Gulupu idali nyumba ya mudzi wonse: wodwala maso, woyembekezera amene chipatala chaching'ono chamutumiza kuno, wodzadikirira matenda, mnyamata wodzafuna ntchito ndi satifiketi yake m'pepala la pulasitiki, onse ankatsikira kwa ife. Amati mlendo ndi mame, koma mame ena a kwathu ankakhala mpaka dzuwa kulowa. Zikathina, atsikana ankakagona kwa aneba, anyamata kukhitchini, ndipo panalibe wodandaula, pakuti mawa lake aneba nawo adzabweretsa awo. Moto tinkapalana, mchere tinkapemphana, ndipo pampopi amayi ankadziwa ndowa ya aliyense ngakhale mwini wake palibe.

Mukamva zimenezi mumati tidali anthu opirira. N'zoona, koma sikudali kupirira kokha. Aliyense wa ife adali ndi kwawo. Nyumba ya m'tauni idali yogonamo ndi kudzukiramo kupita kuntchito. Zonse zofuna malo zidali kumudzi. Nkhokwe idali kumudzi, khola la mbuzi kumudzi, mitengo ya mango kumudzi, bwalo la ukwati ndi chinamwali kumudzi, manda kumudzi. Mvula yoyamba ikagunda, amayi ambiri ankabereka wakhanda kupita kukadzala, abambo n'kutsala akupsereza nyemba pa pulayimasi mpaka kupalira kutatha. Zokolola zikalowa, katundu ankabwera pamwamba pa basi ya UTM, ife n'kukamulandira ku Wenela kapena ku depoti ya ku Limbe: matumba a chimanga, nandolo, makaka, mfutso wa m'chikwatu, ndi nkhuku yomangidwa miyendo imene inkafika itakwiya. Sukulu akatsekera, ana onse tinkawapakira kwa agogo awo, nyumba n'kupumako. Munthu akapuma pantchito ankagula malata, kukweza katundu pa lole, ulendo wa kwawo. Akamwalira ali pantchito maliro ankapita kwawo, chifukwa kugona m'manda a m'tauni kudali kwa munthu wosowa abale. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Nanga kanyumba ka m'tauni kakadakuliranji, pamene bwalo lake lidali ku Chiradzulu, nkhokwe yake ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Ntcheu?

Ndikunong'onezeni kuti enafe akamwini poloti ya m'tauni tinkaikonda pa chifukwa chinanso. Kudali kokhako kumene mwamuna ankadzala mtengo wa peyala osaganiza zoti tsiku lina alamu ake adzamuuza kuti anyamule bulangete lake azipita. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Sikuti tonse tidasankha chimodzimodzi ayi. Mnzanga wina, Mngoni wa ku Ntcheu amene tinkagwira naye shifiti imodzi, adati iye sangalere ana pamalo poti ukayetsemula aneba n'kuyankha. Kwawo minda idali itachepa kale, ndipo adafuna kuti mudzi wake aumange konkuno. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kwacha itangolowa m'malo mwa paundi, adapita kuseri kwa phiri, cha ku Machinjiri, kumene nthawi imeneyo kudali minda, tchire ndi afisi. Anyakwawa adamuyendetsa m'malire, kuyambira pachulu, kutsetserekera kumtengo wa msuku, kukakhota pakhwawa, iye akubwera pambuyo akudzala khonje. Malo a mfumu sankagulitsidwa. Munthu ankangothokoza ndi nkhuku ndi kandalama, akuluakulu a m'mudzi akuona. Njerwa adaumba pomwepo ndi dothi la pachulu chomwecho, namanga nyumba ya zipinda zinayi, khonde kuzungulira. Tikapita kukacheza Lamulungu tinkasirira mpaka kumeza malovu: mango, mapeyala, nthochi kuseri kwa bafa, nandolo m'malire, nkhunda zikuuluka, atsikana akusewera phada uku anyamata akumenya mpira uko osagundana, ndipo pobwerera tinkasenza chinangwa chongopatsidwa.

Lolemba ndiye tinkaona mtengo wake. Ankadzuka nthanda isanatuluke, kupalasa njinga yake ya Humber mumdima, ndipo m'dzinja matope ankamata m'madigadi mpaka njinga yoti imunyamule n'kukhala iyo yonyamulidwa paphewa. Ankafika pageti thukuta lili kamukamu, nsapato zili m'manja, foromani akuyang'ana wotchi. Komatu mavuto a iyeyo tinkawaona, n'kumaseka naye limodzi. Amene sitinkawaona adali a akazi ake: madzi kukatunga kudambo, chigayo kutali, sukulu kutsidya kwa mtsinje woti ukadzaza ana ankangokhala pakhomo, ndi usiku uja matenda a uchembere adayamba msanga, pamene adawanyamula pamachira mpaka kumsewu n'kukadikira galimoto ya munthu wachifundo.

Zaka zidapita, tauni idamupeza. Mapolo a magetsi adafika, mipopi idafika, oitanira maminibasi adayamba kukuwa dzina la dera lake, ndipo malo aja a nkhuku imodzi adawadula mapoloti, naphunzitsa ana mpaka ku Poly ndi ku Chancellor. Omwe ankamuseka aja adayamba kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindikutsutsa. Koma paukwati wa mwana wawo wotsiriza, nditawayamikira mayiwo kuti banja lawo lidaona patali, adandiyang'ana, nakonza duku lawo, nati, "Alamu, malo aja adapeza ndi anzanuwa, koma lidalipira ndi khosi langali." Walira mvula walira matope, inde, koma m'mabanja ambiri wolira mvula amakhala wina, woponda matope wina.

Ife otsala pafupi tidali ndi nzeru yathu, yoti nyumba imakula koma msewu sufupika. Amwayi ankapeza poloti m'madera amene a Housing adadula, ku Zingwangwa, ku Chilomoni, ku Bangwe: ankakuonetsa mabikoni anayi, msewu wafumbi ndi mpopi wa anthu onse chapafupi, zomanga n'zako, bola uzipereka kandalama ka malo. Ena ankagula kanyumba kakugwa m'kati mwa Ndirande, osayang'ana n'komwe makoma ake, poti chimene ankagula ndi pamene kaimapo. Zikatero, pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwezi ukatha unkagula lata limodzi kapena awiri n'kulowetsa pansi pa bedi. Wina ankasunga m'kabuku ka New Building Society, wina ku positi ofesi, ambiri m'chipereganyu cha kuntchito. Ngongole ya nyumba idali ya anthu a malipiro onona ndi mapepala a malo. Enafe tinkadalira chikombole. Mvula ikatha banja lonse linkaponda dothi, ana akusenza njerwa kukayanika, ndipo mu Seputembala uvuni unkayaka usiku wonse, amuna titazungulira moto, tikuotcha chinangwa ndi kumvera mabodza a omwe adapitako ku Joni. Chaka chino chipinda cha anyamata, chaka chinacho khitchini, kenako mdadada wa zipinda zalendi kuseri. Zipinda zimenezo ndizo zidadzakhala penshoni ya ambiri, chifukwa pafupi ndi ntchito sipasowa wofuna pogona: wina akatuluka m'mawa, madzulo wina wafika kale ndi mphasa yake.

Koma ndisakunamizeni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kukula kotereku kudadya bwalo. Mtengo wa mango udagwa kuti pakhale chipinda, pokumba chimbudzi china padasowa, ndipo tinjira tidathina moti lero m'malo ena ambulansi imaima kumsewu, wodwala n'kubwera pamsana, bokosi la maliro n'kutuluka chopendekeka. Paini uja adathera m'mauvuni ndi m'mbaula, phiri latsala miyala yokhayokha. Mu mtsinje wa Nasolo, mmene ana athu ankasambira, lero simungaviikemo ndi chala chomwe. Matenda a kolera atabuka mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023, madera othinanawa adalira maliro ambiri. Choncho mwana akandiuza kuti akufuna kumene kuli mpweya, sindimuyesa wopusa.

Chimene ndimaona n'chakuti inu a lero mwasenza mtolo umene ife sitidausenze. Ambiri mudabadwira ku Gulupu, mudakulira m'tauni. Kumudzi mumapitako pamaliro, ndipo kamunda ka agogo kadagawidwagawidwa mpaka kotsalako sikangadzaze ngolo. Mukadzapuma pantchito palibe lole imene idzakutengereni kwina. Ndiye mukufuna nyumba imodzi igwire ntchito ziwiri: ikhale pafupi ndi ofesi, ikhalenso mudzi, wa nkhuku, wa kadimba, wa malo oti ana adzamangepo, woti mudzakalambiremo. Malipiro a mphunzitsi kapena a namwino sangagule zonsezi pamalo amodzi, ndipo ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. N'chifukwa chake mukuthamangira ku Chileka, ku Lunzu, ku Mpemba, ku Chigumula ndi ku Njuli, kumene eni minda akadali ndi podula.

Ndimadutsako m'madera amenewo, ndipo zimene zimandigwira mtima ndi nyumba zoima palintala. Zikuluzikulu, za mabuloko a simenti, mapulani ake ojambulidwa pa kompyuta, koma denga kulibe, udzu wamera pabalaza, mbuzi za eni mudzi zikubisalamo dzuwa. Mwini wake adayamba nyumba yonse imene ankailakalaka nthawi imodzi, ndalama n'kuthera m'maziko. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti ndi malata idakwera osagwirika, ndipo iye akulipirabe lendi ku Chitawira kapena ku Namiyango, kwinaku akulipira mlonda wolondera makoma. Mapanga awiri avumbwitsa. Akuluakulu athu akadamuuza kuti ayambe ndi zipinda ziwiri zakuseri, akhome malata, alowe, ndalama ya lendi ija izigula matumba a simenti.

Amene alowa nawo amapeza kuti athawa landilodi mmodzi n'kupeza wina, ndiye msewu. Tawerengani nokha. Ngati popita kuntchito mumakwera maminibasi awiri, ndiye kuti patsiku mwalipira kanayi, ndipo pamwezi wa masiku 22 a ntchito mwalipira ka 88, munthu mmodzi. Onjezanipo akazi anu ngati nawo ali pantchito kapena amachita geni ku Limbe, onjezanipo ana a sukulu, onjezanipo wakabaza wokuchotsani pakhomo kukakusiyani pasiteji, amene mvula ikagwa amakweza mtengo. Kwa alandilodi munthu umatha kukapepesa kuti udzapereka pa 10. Kondakitala mawu amenewo sawadziwa. Wagalimoto naye asadzitame, pakuti taona m'zaka zapitazi anthu akugona pamzere pamalo omwetsera mafuta, wa pafupi n'kusiya galimoto kuyenda wapansi, wa kutali n'kusowa mtengo wogwira. Masiku a UTM, ndi a Stagecoach pambuyo pake, basi ya m'tauni idali ndi nthawi yake ndi tikiti ya mtengo wodziwika. Minibasi imanyamuka ikadzaza, ndipo mtengo wake umasintha ndi mafuta, ndi mvula, ndi kulowa kwa dzuwa. Palinso china chosawerengeka ndi ndalama. Bambo wonyamuka ana ali m'tulo n'kubwera ana ali m'tulo, nyumba yake yaikulu ija amaiona bwinobwino Lamulungu lokha.

Za madzi musaiwale. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera ku Shire, pa Walker's Ferry, kukankhidwa ndi makina kukwera mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo paipi siitsata munthu chifukwa choti wamanga nyumba yokongola. Wogulitsa adzakuuzani kuti madzi akubwera chaka chamawa. Kafunseni amayi amene mwakumana nawo atasenza zigubu kuti chaka chamawacho adayamba kuchimva liti.

Pali malo enanso amene amakopa munthu wosauka, ndipo ndi amene ndimawaopa koposa: apafupi, otchipa, otakasukanso. Zitatuzi zikakumana pamodzi mu Blantyre, kwezani maso kapena yang'anani pansi, mupeza kuti mwaima m'mbali mwa phiri kapena m'mphepete mwa mtsinje. Makolo m'malo otero sankamangamo, ngakhale miyendo yokwerera adali nayo, poti ankadziwa kuti madzi saiwala khwawa. Tidaona mu Januwale 2015, ndipo tidaonanso zoopsa koposa mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe ndi ku Manja, mabanja athunthu n'kukwiririka. Anthu amenewo sadali opusa. Ankafuna chomwe ife tinkafuna, kuyenda wapansi popita kuntchito, ndi ndalama imene adali nayo, ndipo pansi pouma padali patadzaza kale.

Amalume anga, amene adandilandira m'tauni muno, ankati malo sagula m'chilimwe. Mu Okutobala paliponse m'pouma, msewu uliwonse ngwabwino, ndipo pakamwa pa dobadoba pamakhala uchi. Upite mu Febuluwale, mvula ya mvumbi itagwa, ukaone kumene madzi akulowera, ukaone ngati pamera bango kapena nsenjere, ukaone makoma a eni dera ngati anyowa m'munsi, ukakumbe kadzenje uone ngati chimbudzi chingakhalepo. Ankatinso wogulitsa usamufunse zambiri, ukafunse agogo a nyumba yoyandikana nayo, ndipo ukafikeko ndi usiku womwe, kuti ukamve ngati pafupi pali shabini kapena ngati agalu amagona. Ine ndimangoonjezapo za masiku ano: kagoneni kwa mnzanu wa kumeneko Lamulungu, Lolemba m'mawa mukwere nawo minibasi, ndipo akazi anu apite nawo, chifukwa iwo akaona zimene inu simungaone. Za nkhuku yothokozera zija zidatha. Lero poloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu, mwana wagulitsa amalume ake osadziwa. Itanani amfumu, itanani abanja onse a wogulitsayo, mboni zisaine, ndipo mukafufuze kukhonsolo ndi ku ofesi ya za malo ngati pamenepo sipadzadutsa msewu kapena mawaya a magetsi. Safunsa adadya phula, ndipo ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Mukandifunsa kuti musankhe chiti, ine ndimayamba ndafunsa msinkhu wanu ndi wa ana anu. Wachinyamata wa miyendo yolimba, amene ana ake sanayambe sukulu ndipo ntchito yake siimufuna pageti 7 koloko, angathe kupita kutali kukadikira tauni monga adachitira Mngoni uja, bola awiriwo ayambe agwirizana kuti madzi azisenza ndani. Wa ana a sukulu, wa mashifiti, wa geni ya pamsika, mayi wolera yekha ana, amenewo ndimawauza kuti atenge kakang'ono ka pafupi, ka pouma, ka mapepala ake, adzakakuze m'tsogolo.

Ukalamba nawo uli ndi muyeso wake. Ana athu, Mulungu awadalitse, amanga nyumba yaikulu cha ku Chileka, ya matailosi, ya mpanda wautali ndi geti lachitsulo, ndipo atipatulira chipinda chathuchathu cha bafa momwemo. Akuti tigulitse kuno ku Ndirande tikapume. Tidakagonako pa Khirisimasi. Ndege tidaziona, mpweya ngwabwino, tulo tidagona tokoma. Koma kuno mankhwala anga a BP ndimakatenga wapansi, tchalitchi chimene tidasenzera njerwa chili kuseri kwa msika, anzanga a bawo amadziwa kuti ndikapanda kuoneka pofika 10 koloko abwere adzagogode, ndipo alendi athu, ngakhale amachedwa kulipira, ndiwo amatitungira madzi mpopi ukauma. Kumpanda kuja mnansi sadziwa ngati wadzuka kapena ayi. Ndidawafunsa mayi a kunyumba maganizo awo, iwo ali pakhonde akusankha nyemba, ndipo sadatukule n'komwe mutu.

"Abambo, auzeni anawo kuti chipindacho asungire alendo. Ine ndidzasamuka tsiku limene msika wa Ndirande udzasamuke."

Ana aja adaseka, nasiya kutikakamiza. Sabata yathayi adabwera ndi mmisiri kudzayeza denga lathu, ati malatawa adontha mokwanira, ndipo tsopano mkangano uli pa mtundu wa penti.